Mleme ndi Octopus: Moyo Wawo ndi Njira Zowatetezera

M'chaka cha 1974 katswiri wa filosofi wa ku America, Thomas Nagel, analemba nkhani yofunsa kuti kodi kukhala mleme kumamveka bwanji kwa mwini wake mlemeyo. Anasankha mleme mwadala, chifukwa ndi nyama yoyamwitsa ngati ife, koma imazindikira dziko m'njira imene munthu sangathe kuiyerekeza m'maganizo mwake. Patapita zaka 42, mu 2016, Peter Godfrey-Smith wa ku Australia anatulutsa buku lotchedwa Other Minds, momwe anafunsa funso longa lomweli pa nyama ya m'nyanja zamchere yotchedwa octopus. Masiku ano si zachilendo kumva nyama ziwirizi zikutchulidwa limodzi anthu akamakambirana za nzeru za nyama. Ine ndaziika pamodzi pa chifukwa china. Ndikufuna kusonyeza kuti mmene nyama imabadwira, imakulira ndi kuberekana ndi zimene zimalamula njira yoitetezera, ndipo kuti pa mfundo imeneyi mleme ndi octopus ndi zotalikirana ngati kum'mawa ndi kumadzulo.

Mayina ndi mbiri

Poti maphunziro anga ndi a chiyankhulo, ndiloleni ndiyambire pa mayina. Dzina loti mleme lili m'gulu la Mu-Mi-, n'chifukwa chake timati mleme uwu, mileme iyi. Koma mukatchera khutu kwa munthu amene akusimba nthano, mumva mgwirizano wa mawu ukusintha. Iye sanena kuti mleme unadwala. Amati Mleme anadwala, pakuti m'nthano nyamayi yavala umunthu. Ndipo Mleme wa m'nthano ndi munthu wopanda abale. M'nthano imene imasimbidwa m'madera ambiri a mu Africa muno, mbalame zimamukana chifukwa ali ndi mano, makutu ndi ubweya, pomwe mbewa zimamukana chifukwa ali ndi mapiko. Agiriki akale analinso ndi yonga yomweyi pakati pa nthano za Aesop.

Kusowa poika mleme kumeneku kukuonekanso m'ziyankhulo zina. Ajeremani amati Fledermaus, kutanthauza mbewa yokupiza mapiko. Afalansa amati chauve-souris, mbewa ya dazi. M'buku la Levitiko, mutu 11, mleme unaikidwa kumapeto kwenikweni kwa mndandanda wa mbalame zosayenera kudyedwa. Asayansi amatcha gulu lonse la mileme kuti Chiroptera, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza dzanja ndi phiko, ndipo dzina limeneli ndiye linalasa. Tikatsata chibale, mbewa za m'nthano zija sizinaname: mleme uli pafupi ndi galu, kavalo ndi ng'ombe kusiyana ndi mbewa.

Octopus alibe dzina lokhazikika m'Chichewa, ndipo sizodabwitsa. Nyamayi imakhala m'madzi amchere okhaokha. M'nyanja ya Malawi mulibe, ngakhale nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere. Makolo athu sakanatcha dzina chinthu chimene sanachione. Aswahili a kugombe amati pweza, ndipo ku Mozambique mumamveka dzina la Chipwitikizi loti polvo. Mawu oti octopus anachokera ku Chigiriki ndipo amatanthauza miyendo isanu ndi itatu. Okonda mpira akukumbukira Paul, octopus wa m'nyumba yoonetseramo nyama zam'madzi ku Oberhausen m'dziko la Germany, amene "analosera" molondola zotsatira za masewero 8 a World Cup ya 2010. M'nkhani ino dzinali ndaliika m'gulu limodzi ndi galu likamanena za mmodzi, ndipo akachuluka ndikuti ma octopus, monga timachitira ndi mayina ambiri obwereka.

Olemba mabuku sanazichitire chifundo nyama ziwirizi. Buku la Bram Stoker lotchedwa Dracula, la mu 1897, linamangirira mleme ku mizukwa yoyamwa magazi, chikhalirecho mwa mitundu yonse ya mileme ndi itatu yokha imene imamwa magazi, ndipo yonseyo ili ku Latin America. Victor Hugo, m'buku lake la mu 1866 lotchedwa Les Travailleurs de la mer, anajambula octopus ngati chilombo chokulunga munthu n'kumuyamwa ali moyo. Bukulo linatchuka kwambiri moti dzina limene Hugo anatola pachilumba cha Guernsey, pieuvre, linalowa m'Chifalansa cha aliyense. Koma mbiri ya octopus inayera. Filimu ya My Octopus Teacher, yojambulidwa m'nyanja pafupi ndi Cape Town, inapata mphoto ya Oscar mu 2021. Chaka cham'mbuyo mwake, mu 2020, mleme unali ukulozedwa chala pa dziko lonse chifukwa cha Covid-19.

Matupi awo

Pali mitundu ya mileme yoposa 1,400, kutanthauza kuti pa mitundu isanu iliyonse ya nyama zoyamwitsa, pafupifupi umodzi ndi wa mleme. M'Malawi muno akatswiri apezamo mitundu yoposa 60. Mleme wochepetsetsa, umene umapezeka ku Thailand ndi Myanmar, umalemera magalamu 2 okha, pomwe ikuluikulu, monga ya ku Philippines, mapiko ake akatambasuka amapitirira mita imodzi ndi theka. Mwa nyama zonse zoyamwitsa, mileme yokha ndiyo imaulukadi mokupiza mapiko. Phikolo ndi dzanja. Zala zinayi ndi zazitali kwambiri, ndipo pakati pa zalazo mpaka kumiyendo pali khungu lopyapyala. Chala chachikulu ndi chachifupi, chokhala ndi chikhadabo chokwerera. Kulendewera chadodolido sikuutopetsa mleme, chifukwa mapazi ake amafumbata okha ndi kulemera kwa thupi, ndipo ukafuna kuuluka umangodzigwetsa.

Octopus ndi m'bale wake wa nkhono, kungoti alibe chigoba. Mitundu yake ilipo pafupifupi 300. Alibe fupa ndi limodzi lomwe. Cholimba m'thupi mwake ndi mlomo wonga wa chinkhwe umene uli pakati pa miyendo, choncho amatha kudutsa pa bowo lililonse pamene mlomowo ungadutse. Umu ndi mmene octopus wina wotchedwa Inky anathawira mu 2016 ku Napier m'dziko la New Zealand: anatuluka m'thanki usiku, nalowa m'paipi yotayira madzi imene inkathera kunyanja. Octopus ali ndi mitima itatu, iwiri yopopera magazi ku ziwalo zopumira ndipo wachitatu wopopera ku thupi lonse. Magazi ake ndi abuluu, chifukwa chimene chimanyamula mpweya m'magazimo chili ndi kopa, pomwe mwa ife ndi mwa mleme chili ndi ayironi. Asayansi amati kholo limene nyama ziwirizi zimagawana linakhalako zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, ndipo kanali kanthu kophweka konga nyongolotsi. Choncho nzeru za mleme ndi nzeru za octopus zinakula payokhapayokha.

Mileme si yakhungu ayi. Yodya zipatso ili ndi maso aakulu ndipo imadalira maso ndi fungo. Koma yodya tizilombo imayenda ndi makutu. Mleme wotere umatulutsa kulira kokwera kwambiri, kupitirira pamene khutu la munthu limalekezera, kenaka umamvetsera mawuwo akagunda chinthu n'kubwerera. Nthawi imene mawu atenga kuti abwerere imauuza kutalika kwa mtunda, ndipo kusintha kwa mawuwo kumauuza kukula kwa chinthucho ndi kumene chikulowera. Ukayandikira njenjete umafulumiza kulirako mpaka pafupifupi ka 200 pa sekondi imodzi. Wansembe wa ku Italy, Lazzaro Spallanzani, anaona m'zaka za m'ma 1790 kuti mileme yochititsidwa khungu inkauluka bwinobwino, ndipo Louis Jurine wa ku Geneva anapeza kuti yotsekedwa makutu inkagunda zinthu. Panapita zaka pafupifupi 150 chinsinsichi chisanamasulidwe, kufikira mu 1938 pamene Donald Griffin wa ku Harvard anaika mileme patsogolo pa makina omva mawu okwera. Iye ndiye anapeka mawu oti echolocation mu 1944. Zimandilimbitsa mtima kudziwa kuti pamene Griffin ankayamba ntchitoyi anali wophunzira wa digiri yoyamba, monga ambiri a ife tikulemba m'buku lino.

Octopus wamba, amene asayansi amamutcha Octopus vulgaris, ali ndi maselo a minyewa pafupifupi 500 miliyoni, kuposa a khoswe. Chodabwitsa n'chakuti magawo awiri mwa atatu a maselowa ali m'miyendo osati mu ubongo. Mwendo uliwonse umatha kuchita zinthu zina pawokha, ndipo timakapu tomata tomwe tili kunsi kwake timalawa chinthu pongochikhudza. Khungu lake limasintha mtundu m'kanthawi kosakwana sekondi, mofulumira kuposa bilimankhwe. Mu 2009 ofufuza analengeza kuti aona ma octopus a ku Indonesia akunyamula zigoba za kokonati mtunda ndithu kuti akabisalemo nthawi ina.

Kwa ife a chiyankhulo, kusiyana kwakukulu kuli pa kuphunzirana. Mileme imakhala m'magulu ndipo mayi amazindikira mwana wake ndi mawu komanso fungo pakati pa ana zikwizikwi. Mu 2021 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa Ahana Fernandez ndi anzake, wosonyeza kuti ana a mtundu wina wa mileme ya ku Costa Rica ndi Panama amayeserera kulira mobwerezabwereza, monga khanda limachitira ndi ma-ma-ma kapena ba-ba-ba, asanadziwe kulira kwa akuluakulu. Octopus sangaphunzire chilichonse kwa amake, chifukwa sakulira pamaso pawo. Alibe agogo omusimbira nthano. Zimene amadziwa amazitulukira yekha, ndipo amafa nazo.

Zaka za moyo ndi kuberekana

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kawirikawiri pakati pa nyama zoyamwitsa, yaing'ono imafa msanga koma imabereka kwambiri. Mbewa sikhalitsa, koma imaswa ana ambiri kangapo pachaka. Mleme sutsata lamuloli. Ku Siberia mleme wina wolemera magalamu osakwana 10 unagwidwanso patatha zaka 41 chiuvekereni kamphete kouzindikiritsa, ndipo nkhaniyi inasindikizidwa mu 2005. Mitundu yambiri imabereka mwana mmodzi pachaka. Mwanayo pobadwa amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa mayi wake, ndipo amayamwa kwa milungu ingapo kufikira atayamba kuuluka. Pa kaberekedwe, mleme ukufanana kwambiri ndi njovu kusiyana ndi mbewa.

Octopus wamba amakhala chaka chimodzi kapena ziwiri basi. Ngakhale wamkulu kuposa onse, wa kumpoto kwa nyanja ya Pacific, kawirikawiri sapitirira zaka zisanu. Wamkazi amaikira mazira kamodzi kokha pa moyo wake, koma kwa octopus wamba mazirawo amakhala pakati pa 100,000 ndi 500,000. Amawapachika kudenga kwa kaphanga kake, n'kumawapemerera madzi ndi kuwapukuta, osadya, kufikira ataswa. Akangoswa, mayiyo amafa, ndipo wamwamuna nayenso sakhalitsa akatha kukwera. Imfa imeneyi si yangozi. Mu 1977 Jerome Wodinsky anachotsa tiziwalo tiwiri tokhala kuseri kwa maso mwa ma octopus aakazi ofungatira mazira, ndipo iwo anasiya mazirawo, nayambanso kudya, nakhala ndi moyo miyezi ina ingapo. Thupi lenilenilo ndi limene limalamula kuti nthawi yakwana. Mwa ana ankhaninkhani aja, ambiri amadyedwa akali kuyandama m'madzi ngati fumbi, koma ochepa opulumukawo amakula mofulumira zedi.

Kuteteza mileme

Tsopano taganizirani tanthauzo la zimenezi pa nthawi ya tsoka. Gulu la mileme likachepa ndi theka, pamafunika zaka zambiri kuti libwerere mwakale, ngakhale tsokalo litachoka lero lomwe. Izi zaoneka ku North America. Mu 2006, m'phanga lina la m'chigawo cha New York, munapezeka mileme yokhala ndi chuku choyera pamphuno. Chukucho, chimene chikuoneka kuti chinachokera ku Ulaya, chimadzutsa mileme pa tulo take tatitali ta m'nyengo yozizira, ndipo imatha mafuta a m'thupi kunja kusanafunde, n'kufa ndi njala. Pofika mu 2012 boma la America linkayerekeza kuti mileme yoposa 5 miliyoni inali itafa, ndipo kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti mitundu itatu inali itachepa ndi magawo oposa 90 pa 100 alionse.

Wina atha kufunsa kuti nanga munthu wataya chiyani. Katswiri wa zachuma Eyal Frank anayankha funsoli mu 2024. Anapeza kuti m'maboma a ku America momwe matendawa anafika, alimi anawonjezera mankhwala ophera tizilombo ndi magawo 31 pa 100, poti mileme yodya tizilomboto inali itachepa, ndipo m'maboma omwewo imfa za makanda zinakwera ndi magawo pafupifupi 8 pa 100. Mwa ziwerengero zonse zimene ndawerenga pokonza nkhaniyi, ichi ndi chimene chinandikhala mumtima, chifukwa palibe mlimi kapena mayi wa m'maboma amenewo amene akanaganiza kuti phanga la kuphiri likumukhudza.

Vuto lachiwiri la mileme n'lakuti imasonkhana yambiri pamalo amodzi. Chitsanzo chachikulu chili kwa anansi athu ku Zambia. Pafupi ndi Serenje pali malo osungirako nyama a Kasanka, ndipo chaka chilichonse kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka mu Disembala, mileme yodya zipatso ya mtundu wa Eidolon helvum imasonkhana kumeneko m'kankhalango ka m'dambo ka mahekitala ochepa chabe. Imakhalapo mamiliyoni angapo, ena amati mpaka 10. Imabwera kudzadya masuku ndi zipatso zina za m'tchire, ndipo ina yovekedwa timakina toitsatira inaoneka ikubwerera kutali m'dziko la Congo. Ku Ghana ofufuza anapeza kuti mtundu womwewu umatha kukagwetsa njere pa mtunda wa makilomita 75 kuchokera pa mtengo pamene unadya. Choncho moto umodzi woopsa, kapena kugwetsa mitengo pamalo amodzi amenewa, kungakhudze nkhalango za mayiko angapo. Mu 2022 khoti lalikulu la Zambia linalamula kuti kugwetsa nkhalango ndi ulimi wa makampani m'dera loyandikana ndi Kasanka ziyambe zaima, potsatira dandaulo la bungwe loyang'anira malowa pamodzi ndi magulu a anthu a m'midzi yozungulira.

Vuto lachitatu ndi mbiri yoipa ija, imene imachititsa kuti yankho loyamba la anthu likhale kupha. Pachilumba cha Mauritius, mu 2015, boma linalamula kuti mileme yodya zipatso ya pachilumbapo iphedwe, ponena kuti ikuwononga mango ndi zipatso za litchi. Chaka chimenecho chokha inaphedwa yoposa 30,000, ndipo pofika mu 2018 bungwe la IUCN linaika mtunduwu pa mndandanda wa nyama zimene zili pangozi yotheratu. Akatswiri ankati kuphimba mitengo ndi maukonde ndiyo njira yopulumutsadi zipatso. Za matenda, n'zoona kuti mileme ina imasunga tizilombo toopsa, ndipo sindikufuna kubisa zimenezi. Mleme wa mtundu wa Rousettus aegyptiacus umasunga kachilombo ka Marburg. Koma zimene zinachitika pa mgodi wa Kitaka ku Uganda n'zofunika kuzidziwa. Anthu ogwira ntchito mumgodimo atadwala Marburg mu 2007, mileme ya m'menemo inaphedwa yambirimbiri. Patapita zaka zochepa ina inabwera kudzakhalamo, ndipo ofufuza anapeza kuti m'gulu latsopanoli gawo la mileme yokhala ndi kachilomboko linali lalikulu kuposa kale. Mu 2012 matendawa anabukanso m'tauni yapafupi ya Ibanda.

Kuteteza ma octopus

Kwa octopus nkhani ndi ina. Chaka chilichonse asodzi a pa dziko lonse amagwira matani oposa 350,000, komabe kafukufuku wa Zoë Doubleday ndi anzake wa mu 2016 anapeza kuti ma octopus ndi abale awo akhala akuchuluka m'nyanja zambiri pa zaka 60 zam'mbuyo mwake. Chifukwa chimodzi chimene akatswiri amachiganizira n'chakuti nsomba zikuluzikulu zimene zinkawadya zachepa ndi usodzi. Nyama yokula msanga ndi yoikira mazira ochuluka chotere imabwerera msanga ikangopatsidwa mpata.

Mpata umenewu anaupereka koyamba anthu a mtundu wa Vezo a m'mudzi wa Andavadoaka, kumwera chakumadzulo kwa Madagascar. Kumeneko octopus ndiye ndalama ya pakhomo, ndipo ambiri omugwira ndi amayi, amene amayenda pa matanthwe madzi akaphwa, atanyamula ndodo zosongoka. Mu 2004, mothandizana ndi bungwe la Blue Ventures, mudziwu unagwirizana kutseka gawo limodzi la matanthwewo kwa miyezi ingapo. Atatsegula anapeza ma octopus aakulu ndi olemera kuposa kale, ndipo midzi ina inatengera. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2015, amene anaunika kutseka kotere kwa zaka zisanu ndi zitatu, anapeza kuti m'mwezi wotsatira kutsegula, ma octopus ogwidwa pamalo otsekedwawo ankachuluka kuwirikiza kasanu ndi kawiri kapena kuposa. Njirayi inafalikira pachilumba cha Rodrigues, ku Pemba m'dziko la Tanzania ndi kugombe la kumpoto kwa Mozambique. Kwa Mmalawi maganizo amenewa si achilendo, poti nafenso timatseka nyanja pa nyengo imene chambo chikuswana.

Komabe ndikuona kuti njirayi isatamandidwe mopitirira. Chimene imachita makamaka ndi kulola nyama zomwe zilipo kale kuti zinenepe zisanagwidwe, choncho phindu lake loyamba ndi la m'thumba. Tsiku lotsegula limakopanso anthu ochuluka, ndipo amuna otha kumira pansi pa madzi akalowerera, amayi amene anali eni ntchitoyi atha kutsala m'mbuyo. Ubwino wake waukulu uli poti anthu amaona zotsatira m'miyezi yochepa, ndiye amayamba kukhulupirira malamulo amene apanga okha. Woteteza mileme alibe mwayi umenewu. Iye amapempha anthu kuti asiye phanga kapena nkhalango lero, pomwe phindu lake lidzaoneka patapita zaka, mwinanso osaoneka ndi maso n'komwe.

Poti kuchuluka kwa octopus wamba sikukudetsa nkhawa kwenikweni, mkangano waukulu wokhudza iye wasamukira pa funso lina: kodi amamva ululu? Dziko la Britain linaika octopus wamba pansi pa lamulo loteteza nyama zogwiritsidwa ntchito pa kafukufuku mu 1993, ndipo mayiko a European Union anachita chimodzimodzi kwa ma octopus onse ndi abale awo m'lamulo la mu 2010. Mu 2021 gulu lotsogozedwa ndi Jonathan Birch pa London School of Economics linaunika kafukufuku wambiri n'kupeza umboni wamphamvu wakuti nyamazi zimamva ululu, ndipo chaka chotsatira Britain inaziika m'lamulo lovomereza zimenezi. Kampani ina ya ku Spain italengeza mapulani oweta ma octopus ochuluka m'mathanki ku Las Palmas, pazilumba za Canary, anthu ambiri anatsutsa. Ankati nyama yokonda kukhala yokha ikathinikizidwa imalumana ndi kudyana, komanso poti imadya nkhanu ndi nsomba, kuiweta kungawonjezere usodzi m'malo mouchepetsa. Mu 2024 zigawo za Washington ndi California ku America zinaletsa ulimi woterewu usanayambe n'komwe. Chondichititsa chidwi n'chakuti palibe amene anakayikirapo kwenikweni zoti mleme umamva ululu, poti ndi nyama yoyamwitsa, koma zimenezo sizinauteteze ku Mauritius kapena ku Kitaka.

Pamene malire sagwira

Kusiyanitsa kumene ndachitaku kuli ndi polekezera. Si ma octopus onse amene amafulumira. M'madzi akuya ndi ozizira moyo umayenda pang'onopang'ono. Pafupi ndi gombe la California, pa kuya kwa mamita pafupifupi 1,400, ofufuza a bungwe la MBARI anaona octopus wamkazi wa mtundu wa Graneledone boreopacifica akufungatira mazira ake kwa miyezi 53, kuyambira mu 2007 mpaka mu 2011. Nyama yotere, pa kaberekedwe, ili kumbali ya mleme, ndipo kutseka malo kwa miyezi itatu sikungaithandize kanthu. Ku New Zealand mtundu wina wa m'madzi akuya, Opisthoteuthis chathamensis, unaikidwa pa mndandanda wa nyama zotsala pang'ono kutheratu chifukwa cha makoka okokedwa pansi pa nyanja. Ngakhale octopus wamba amatha kuchepa usodzi ukanyanya, monga zinachitikira ku Morocco kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Nawonso malamulo a nyengo ali ndi malo ake pa mileme. Ku America ofufuza anapeza kuti kuimitsa makina opangira magetsi ndi mphepo usiku umene mphepo ili yochepa, m'miyezi imene mileme ikusamuka, kumachepetsa imfa zake ndi theka kapena kuposa, pomwe magetsi otayika ndi ochepa kwambiri. Kwathu kuno nkhani ya nyengo imabwera pa denga. Mileme yaing'ono yodya tizilombo imakonda kukhala m'siling'i za nyumba, masukulu ndi zipatala, ndipo fungo la zitosi zake si lopirira. Ambiri amathamangira kufukiza utsi, kuthira mankhwala kapena kutseka mabowo masana mileme ili mkati. Njira imene akatswiri amalangiza ndi kuyamba mwaona madzulo pamene ikutulukira, kenaka kuika kapaipi kapena kaukonde kolola kutuluka koma osalowanso, n'kudikira masiku angapo musanamate mabowowo. Ntchitoyi isachitike m'dzinja, chifukwa ndi nyengo imene mileme yambiri ya kuno imakhala ndi ana osatha kuuluka. Mukatsekera amayi kunja nthawi imeneyo, ana onse a chaka chimenecho amafera m'denga, ndipo fungo limene mumathawa lija limaposa kale.